Anyamata a makamera, lekani kukoka anthu ngati mphira

Nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe ino ndalowa m'ma situdiyo angapo, a m'tauni ndi a pamsika kumudzi komwe, ndipo chimene chikundiwawa ndi chimodzi chomwechi paliponse. Mkwatibwi woti tonse tinamuona ndi maso ali wochepa thupi bwinobwino, pa sikirini akutuluka wamfupi wonenepa, nkhope yaphwatalala ngati chigumu, keke yozungulira ija yasanduka dzira, ndiye mnyamata woedita wakhala phee pampando akuti ntchito yatha bwana tengani fulashi yanu. Yatha chani aise?

Vuto si kamera ayi, komanso si kompyuta yanu yakaleyo, vuto ndi mantha anu a mizere yakuda ija ya m'mbali, imene imaoneka kanema akapanda kudzaza sikirini. Kanema aliyense amabadwa ndi muyezo wake wa m'mbali ndi m'mwamba, womwe pa mapulogalamu amaulemba kuti aspect ratio. Ma TV akale a chimsana aja ndi matepi a VHS ndi 4:3, ma TV afulati a masiku anowa ndi 16:9, foni mukaigwira choimika imajambula 9:16. Ndiye inu mukatenga kanema wa 4:3 n'kumukoka kuti adzaze 16:9, munthu mwamuonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu m'mbali koma msinkhu uli womwewo. Wa pafoni ndiye zoopsa, kumukoka kuti adzaze TV ndi kumufutukula kupitirira katatu, mpaka abusa amaoneka ngati awaponda ndi thirakitala. Mukafunsidwa yankho ndi lomwe lija la kalekale, eti makasitomala amadandaula akaona zakuda m'mbali, amati tawabera kanema. Zaka zonsezi mukanali pomwepo? Mizere yakudayo siinachotse kanthu pa kanemayo, ndi malo otsala chabe, koma kukokako ndi kumene kumaononga nkhope ya munthu amene wakulipirani.

Mwezi wathawu anandipeza bambo wina mlimi wa soya wa cha ku Mchinji, fulashi ataikulunga m'kapepala ka shuga. Anagulitsa matumba ake kuti ukwati wa mwana wake wamkazi ujambulidwe, kanema atabwera anaitana apongozi ndi anansi kudzaonera, koma mayi a kunyumba atangodziona anadzuka n'kukakhala kukhitchini osabwereranso. Mkuluyu anaganiza kuti TV ndiyo yafa, anainyamula panjinga kupita nayo kwa okonza, analipira, kubwera nayo zili chimodzimodzi. Chinamutsegula maso si anthu ayi koma ngolo yake yomwe inanyamula mipando tsikulo, anaona matayala ake ali ngati mazira, ndiye poti ngoloyo amaidziwa kuposa munthu aliyense anazindikira kuti apa walakwa ndi wojambula. 

Nditatsegula fayiloyo mutu unandipweteka. Zojambula pa kamera yaikulu zinali bwino, koma mnyamatayo anasakanizamo tizidutswa ta pafoni ta pelekanipelekani ndi ta kutchalitchi, tonse atatikoka, kenako pamwamba n'kulembapo maina a akwati ndi timaluwa. Apa palibe batani limodzi loti n'kukonza zonse, ukafinya kuti a pafoni aoneke bwino ndiye kuti a pa kamera atalika ngati nsungwi, zilembo nazo zapindika. Mpaka kudula kachidutswa kalikonse pakokha, ntchito ya masiku, ndipo kurenda kachiwiri, kutanthauza kutulutsanso fayilo yatsopano mu pulogalamu yoeditira, kanema amatsikako ndithu kaonekedwe kake. Tinati tipite kwa mnyamatayo tikatenge mafayilo oyambirira, tinakapeza memori khadi anaifufuta kale kuti akajambulire chiliza sabata yotsatira. Ukwati subwerezedwa abale anga. Ndipo mudziwe kuti kumudzi mbiri imathamanga, mpingo wonse uja ukafuna wojambula chaka chamawa dzina lake silidzatchulidwanso.

Palinso gulu lina, inu amene mukusamutsa matepi akale a mabanja kuika mu kompyuta, inu vuto lanu limabwera mosadziwa. Kanema wa makamera a timatepi ting'onoting'ono a MiniDV a PAL, mtundu wa kanema umene tinkagwiritsa ntchito kuno, amasungidwa pa 720x576 kaya anajambulidwa 4:3 kaya 16:9, timadontho topanga chithunzi chake (ma pixel) si tofanana mbali zonse, ndiye mufayilomo mumakhala kachizindikiro kouza pulogalamu kuti atambasulidwe bwanji. Kachizindikiroko kakasowa kapena pulogalamu ikakawerenga molakwika, agogo amatuluka owonda otalika ngati adwala. Wa 4:3 amayenera kuoneka ngati 768x576, wa 16:9 ngati 1024x576. Makamera a HDV nawo ndi choncho, amasunga 1440x1080 koma poonetsa ndi 1920x1080. Izitu ndimanena pa maphunziro aliwonse koma anthu amakhala ali pa WhatsApp.

Zochita ndiye nazi mwachangu poti nthawi yatha. Musanakhudze fayilo yambani mwaona rimoti ya TV, pali batani la Aspect kapena Zoom, nthawi zina wakoka ndi TV yo osati inu. Tsegulani kanemayo mu VLC, pulogalamu yoonera kanema pa kompyuta, muzidina A pa kiyibodi, izisintha miyezo mpaka chinthu chozungulira, tayala la njinga, mbale, wotchi ya pakhoma, chizungulire bwinobwino, muyezo umenewo ndiye weniweni. Ngati fayilo yonse yalakwika mofanana simufunika kurenda, pulogalamu yosinthira mafayilo a kanema yotchedwa ffmpeg imasintha kachizindikiro kokha mukalemba -aspect 16:9 -c copy, kapena 4:3 ngati ndi wa TV yakale. Oeditira mu Premiere Pro dinani kumanja pa kilipuyo, Modify, Interpret Footage, musankhe pixel aspect ratio yoyenera, womwe ndi muyezo wa timadontho tija, ndipo Uniform Scale, yomwe imakulitsa mbali zonse mofanana, isachotsedwe chonde. Oeditira mu CapCut ndi InShot sankhani Ratio musanayambe kudula, kenako kanemayo alowe yense osamukoka, zakudazo zikakunyansani ikani blur, chithunzi chomwecho chosaoneka bwinobwino, kumbuyo basi, kapena zumani mudule pamwamba ndi pansi koma muonetsetse mitu ya anthu isapite. Pokulitsa ndi mausi gwirani pakona osati pambali. Za projekiti kuti ikhale 1920x1080 ngati ndi ya pa TV, 1080x1920 ngati ndi ya pa sitetasi, zimenezo mukuzidziwa kale sindibwereza. Mafayilo oyambirira asungeni pa hadi dilaivu mpaka mwini wake ataonera kunyumba kwake n'kukuimbirani kuti zili bwino.