Mukamapita ku chigwa cha Célé, gulirenitu zonse ku Figeac

Ngati mukufuna kuona midzi ya ku France popanda kupanikizana ndi alendo ngati ku Dordogne, tsatani mtsinje wa Célé pa msewu wa D41, kuchokera ku tauni ya Figeac kutsikira ku mudzi wa Cabrerets. Koma musanyamuke chimanjamanja.

Mafuta a galimoto ndi chakudya gulirenitu ku Figeac konko, makamaka Loweruka m'mawa pa tsiku la msika. Midzi ngati Espagnac ndi Marcilhac ndi ing'onoing'ono. Kagolosale kamene mungapeze kamatseka masana, ndipo malo odyera ambiri salandiranso anthu 2 koloko ikadutsa. Samalaninso ndi pampu yodzithirira nokha ndi khadi: imayamba yagwira mayuro oposa 100 pa akaunti, kenako n'kubweza zotsalazo pakapita masiku. Khadi ya ndalama zochepa imangokanidwa.

Tikiti ya kuphanga la Pech Merle ku Cabrerets, komwe kuli zithunzi zakalekale za akavalo amawangamawanga, gulirenitu pa intaneti chifukwa amalowetsa anthu 700 okha patsiku. Juzi musaiwale, mkatimo mumazizira ngakhale kunja kukutentha.

Okonda kupalasa bwato, June ndiye mwezi wabwino. Mu August madzi amachepa, malo ena mumachita kulikoka bwatolo pamiyala.