Kamalizidwe ndi Kalumikizidwe ka Bokosi Loonetsera Zinthu

Bokosi lathabwa lokhala ndi galasi kutsogolo, momwe mumaikidwa tizidole toonetsa mudzi kapena ovina a Nc'wala, mwambo wa Angoni wochitikira ku Mtenguleni, limakongola ngati mmisiri atsata ndondomeko yake. Sankhani matabwa ouma bwino, chifukwa aawisi amapindika ndipo ngodya zimatseguka. Mukwa ndi wolimba ndiponso chiswe sichiukonda, koma paini ndi wotsika mtengo komanso wosavuta kudula.

Musanalumikize chilichonse, palani matabwa onse ndi sandipepa ya nambala 120, kenako ya 220, motsata mizere ya thabwalo. Pakani utoto kapena vanishi mbali zam'kati nthawi yomweyo, pakuti bokosi likalumikizidwa burashi safika bwino m'ngodya. Koma malo odzapakapo guluu muwasiye osapaka, chifukwa guluu sagwira pa vanishi. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, vanishi amachedwa kuuma, choncho musafulumire kupaka kachiwiri.

Dulani nsonga za matabwa pa madigiri 45, pakani guluu pang'ono, ndipo mangani mbali zinayizo ndi malegeni a chubu chakale cha njinga, chimene kuno ku Chipata sichisowa. Yezani kuchokera pangodya ina kufika yopingasana nayo, kenako chitani chimodzimodzi ndi ngodya ziwiri zotsalazo. Miyeso iwiriyo ikafanana, bokosi lawongoka. Pukutani guluu wotuluka ndi kansalu konyowa, ndipo dikirani maola 24.

Tizidole timatidwe kuyambira kumbuyo kubwera kutsogolo. Udzu wa timadenga ukhale wouma, kuti nkhungu isamere. Lowetsani galasi lopukutidwa bwino, ndipo thabwa lakumbuyo mulimange ndi masikuluu kuti lizitha kutsegulidwa pochotsa fumbi.