Mukufuna kusanthula filimu pa YouTube? Umu ndi momwe ndimatetezera makanema anga

Kanema wanga woyamba wosanthula filimu sanathe ngakhale ola limodzi pa YouTube. Ndinamukonza milungu itatu, usiku wokhawokha, pa laputopu yomwe batire lake linafa kalekale, moti magetsi akangothima ntchito yonse yosasungidwa inkapita. Nkhani yake inali ya zitseko: momwe wojambula wina amaikira kamera pakhomo nthawi zonse munthu akamanama. Ndinamuika ndi bandulo ya usiku, n'kutumiza linki kwa anzanga pa WhatsApp. Yankho loyamba linali lakuti, "Aise, sakutsegukatu uyu." Kampani ina inali itamutseka kale. Wolakwa ndinali ine ndemwe. Ndinasiya chigawo cha mphindi zinayi chikuyenda chokha, ine ndili duu, nyimbo ya mufilimumo ikumveka yonse.

Dziwani kaye amene amakugwirani. Nthawi zambiri si munthu, ndi makina otchedwa Content ID, omwe YouTube inayambitsa mu 2007. Eni mafilimu ndi nyimbo amapereka makope awo kumeneko, ndipo kanema aliyense amene mwaika amayerekezedwa ndi makopewo, zithunzi ndi mawu omwe. Zikafanana, mwiniyo amasankha kutseka kanema wanu, kutenga ndalama za otsatsa malonda, kapena kungoona kuti akuonedwa ndi anthu angati. Makinawo sadziwa ngati mukuphunzitsa kapena mukuba.

Pali mawu awiri omwe anthu amasokoneza, claim ndi strike. Claim imachokera ku makina aja ndipo imakhudza kanema mmodzi yekhayo, tchanelo chanu chimakhala bwinobwino. Strike ndi nkhani ina: mwini wapempha mwalamulo kuti kanema achotsedwe, motsatira lamulo la ku America la DMCA la 1998. Strike imatha pakadutsa masiku 90 ngati mwachita kaphunziro kawo ka Copyright School, koma zikakwana zitatu tchanelo chikhoza kufufutidwa ndi zonse zili m'menemo. Tsiku lija ine ndinalandira claim chabe, koma ndinagona ndi njala ngati ndaitanidwa kupolisi.

Ntchito yeniyeni ili podula. Chigawo chilichonse cha filimu chomwe mwatenga chikhale ndi chifukwa, ndipo chifukwacho chimveke pakamwa panu nthawi yomweyo. Ngati mukunena za chitseko, onetsani chitsekocho, imitsani chithunzi, lozani, pitirirani. Wosewera akayamba kulankhula zosakhudza mfundo yanu, dulani, ngakhale pakomapo. Apa m'pamene ambiri timagwa, chifukwa tinayamba ntchitoyi kaamba kokonda mafilimuwo, ndipo dzanja limakana kudula pamene mtima ukuti anthu aone mpaka kumapeto. Nyimbo ndiye msampha woposa onse. Imagwidwa msanga kuposa chithunzi, ndipo kawirikawiri mwini wake ndi wina, osati wa filimu. Ine masiku ano ndimatsitsiratu mawu a filimu pansi pa mawu anga, kupatula pamene mfundo yanga ili pa mawuwo.

Musamvere zoti masekondi 10 kapena 30 ndi ololedwa. Lamulo lotero kulibe. Ndipo kulemba pansi pa kanema kuti simunafune kuphwanya ufulu wa umwini wa aliyense sikuthandiza kanthu, kuli ngati kulemba "pepani" pa mbuzi ya eni mutaimanga kale kwanu.

Amene anandiphunzitsa kudula, ngakhale sadziwa kuti ndiliko, ndi Tony Zhou ndi Taylor Ramos a tchanelo cha Every Frame a Painting. Anatulutsa makanema 28 pakati pa 2014 ndi 2016, ndipo ena ndinawaonera mobwerezabwereza mpaka kuloweza pamene mawu adzalowere. Polengeza mu 2017 kuti aima, anafotokoza kuti kalembedwe ka makanema awo, kutalika kwa zigawo, kulukana kwa mawu awo ndi a filimu, ngakhale makampani omwe ankatengako zitsanzo, zinachokera poyesa kuona chomwe Content ID imagwira ndi chomwe siigwira. Ine ndinkayesa kuti liwiro lokoma lija ndi luso basi, osadziwa kuti mbali ina kunali kuzemba mlonda.

Nanunso yesani musanaitane anthu. Ikani kanemayo pa private, pomwe anthu ena samuona, musiyeni tsiku limodzi kapena awiri, muone ngati pabwera claim. YouTube Studio, tsamba loyendetsera tchanelo chanu, imakuonetsani mphindi yeniyeni yomwe yagwidwa, ndipo mungathe kuidula kapena kuzimitsa nyimbo yake pomwepo. Ine ndimakonda kubwerera pa laputopu n'kukonzanso, chifukwa kudulira komweko kumasiya chibowo pakati pa chiganizo. Dziwaninso kuti claim itha kubwera patapita miyezi.

Ngati mukukhulupirira kuti simunalakwe, tsutsani. Mwini amapatsidwa masiku 30 kuti ayankhe, akapanda kutero claim imachoka yokha. Polemba musalire, musatukwane. Tchulani mphindi, kutalika kwa chigawo, ndi mfundo yomwe chikutsimikiza. Maziko ake ndi fair use, kutanthauza kuloledwa kugwiritsa ntchito mbali ya ntchito ya wina popanda kupempha, monga pounikira. Ili mu ndime 107 ya lamulo la ku America la 1976, lomwe limayang'ana zinthu zinayi: cholinga chanu, mtundu wa ntchito yomwe mwatengako, kuchuluka kwa zomwe mwatenga, ndi ngati zikuwononga msika wa mwiniyo. Koma wogamula kwenikweni za fair use ndi khoti, ndipo si dziko lililonse lili ndi lamulo lotere. Mu December 2021 kampani ya ku Japan ya Toei Animation inatseketsa makanema pafupifupi 150 a tchanelo cha Totally Not Mark, ambiri mwa iwo ounikira makatuni ake.

Mukakanidwa n'kupitiriza apilo, mwini akhoza kupempha kuti kanema achotsedwe, ndiye claim ija yasanduka strike. Kuchoka apo chotsala ndi counter notification, momwe mumalemba dzina lanu lenileni ndi adiresi, zomwe zimakafika kwa mwiniyo, ndi kuvomera kuti nkhani itha kupita kukhoti ku America. Ine pamenepo sindinafikepo, ndipo chifukwa cha kanema wa zitseko sindingafike.

Sungani kope lanu la kanema aliyense, pamodzi ndi zomwe munalemba ndi mawu omwe munajambula. Kevin B. Lee, mmodzi wa oyambitsa makanema amtunduwu, anatsekeredwa tchanelo chonse mu 2009 chifukwa cha madandaulo a umwini, ngakhale pambuyo pake chinabwezedwa. Ounikira mafilimu ambiri omwe anathawira ku Blip, tsamba lina loikapo makanema, anasowa pogwira litatsekedwa mu 2015. Ngati ndinu woonera chabe, lembani dzina la wopanga amene mumamukonda ndi kwina komwe amapezeka, kaya Vimeo kaya Nebula, ndipo kanema wake akasowa musamuikenso pa tchanelo chanu poganiza kuti mukuthandiza, strike idzagwera inu.

Wa zitseko uja ndinamudulanso. Chigawo cha mphindi zinayi chinasanduka tizidutswa tisanu, nyimbo ndinachotsa, ndipo alipobe. Kope lake lili pa hard drive m'kabati ya zovala, lina pa fulashi kwa achemwali anga ku Zomba.