Kamera pa katungwe wamagetsi ndi pa kabaza: mmene mungainyamulire isaphwanyike, inunso musavulale

Mwana wa mlongo wanga, amene ndimayenda naye kojambula maukwati kuno ku Kasungu, akupita ku Joni mu Disembala kukaona achimwene ake. Amulonjeza kuti akapita naye ku Gold Reef City, kuja kuli makatungwe amagetsi ndi tisitima tothamanga m'malere. Anandipeza ndikupukuta malenzi n'kundifunsa kuti, "Amalume, kamera ija ndikangoikoleka m'khosi basi, eti?" Sindinamuyankhe msanga. Ndinangomuonetsa chipsera chili pachibwano changachi.

Chipserachi sindinachitengere ku Joni ayi. Ndinachitengera panjira yopita kwa Chamama, pa kabaza wa njinga yamoto, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Kamera inali m'khosi, lamba wake wautali, ikulendewera pamimba. Njinga italowa m'dzenje limene linabisika ndi fumbi, kamera inauluka n'kukagunda msana wa wakabaza, pobwerera n'kundipeza pachibwano. Galasi lotchingira kumaso kwa lenzi linasweka, ine ndinafika paukwati malaya oyera ali magazi, akuchikazi akundiyang'ana ngati ndachokera kundewu. Wakabaza uja sanalakwe kanthu. Amene ndinasiya chitsulo chikulendewera ndinali ine.

Zimene ndinamuuza mnyamatayo ndi zimene ndikulemba panozi. Kaya ndi pa roller coaster, tisitima tothamanga m'malere tija, kaya pa kabaza, kaya pamwamba pa galimoto yoonera nyama kunkhalango, mdani wa kamera ndi mmodzi: mpata woti igwedezeke payokha.

Choyamba, dziwani kulemera kwenikweni kwa chimene mwanyamula

Kamera ya DSLR, ikuluikulu yosintha malenzi ija, yokhala ndi lenzi yapakatikati imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. M'manja siimveka. Koma kasitima kaja kakatsika chiphedi n'kukhota mwadzidzidzi pansi, chilichonse chimene chili mmenemo chimapanikizika ngati chalemera katatu kapena kanayi. Kamera yanu ija imasanduka makilogalamu 6, ngati mwakoleka mapaketi 6 a shuga pakalamba kamodzi ka m'khosi. Tower of Terror ya ku Gold Reef City, imene imagwetsera anthu m'dzenje ngati la mgodi, imatchuka chifukwa kupanikiza kwake kumapitirira ka 6. Werengani nokha.

Ndiye pali mbali inayo, imene anthu saiganizira. Kasitima kakafika pansonga n'kuyamba kutsika, thupi limapepuka, matako amanyamuka pampando, ndipo chilichonse chosamangidwa chimakwera m'mwamba. Pamwamba pa kamera yolendewera pachifuwa pali mano anu.

Chachiwiri, funsani lamulo musanalowe pamzere

Malo ambiri a masewera otere salola kukwera makatungwe othamanga ndi chinthu chosamangika: foni m'manja, chipewa, magalasi, kamera. Pakhomo pa katungwe aliyense pamakhala chikwangwani, chiwerengeni musanaime pamzere wa ola lathunthu n'kukabwezedwa pamapeto. Timitengo tojambulira selfie ndiye timadedwa kwambiri. Mapaki a Disney analetseratu timitengoti mu 2015. Wogwira ntchito akakuuzani kuti chikwama sichikwera, musayambe zija za "bwana ndithandizeni, ndachokera kutali". Sakuteteza kamera yanu. Akuteteza mutu wa mwana wa eni amene waima pansipo akunyambita ayisikirimu.

Akakana, njira zilipo ziwiri. Ina ndi timakabati tokhoma timene amabwereketsa. Mukaika kamera mmenemo, yambani mwatulutsa memori khadi n'kuiika m'thumba la zipi la buluku lanu, kuti zitavuta zithunzi zokha zitsale, ndipo jambulani nambala ya kabatiyo pafoni, chifukwa mukatsika mutu ukuzungulira onse amaoneka ofanana. Njira inayo ndi yaulere ndipo ine ndimaikonda: pagulu lililonse pamakhala azakhali amene amati "ine zimenezo ayi, ndikudikirani pompano". Apatseni chikwama. Musaiwale kuwagulira chakumwa.

Chachitatu, siyani zambiri kunyumba

Kamera imodzi, lenzi imodzi yaifupi, batire lapadera limodzi, memori khadi yapadera imodzi. Basi. Lenzi ya 18-55mm imene imabwera ndi kamera, ija timainyoza ija, pano ndiyo mfumu: ndi yopepuka, ndipo itawonongeka simulira sabata yathunthu. Ya 35mm kapena 50mm nayonso ili bwino. Tripod, ija ya miyendo itatu yoimikapo kamera, fulashi ndi chilenzi chachitali cha 70-200mm zigone.

Chachinayi, konzani kamerayo isanalowe m'chikwama

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi mphindi imodzi yokha mukazolowera.

Zimitsani kamera, ndipo dikirani kamphindi musanaigwedeze. M'malenzi ambiri muli kagalasi koyandama kamene kamaletsa chithunzi kunjenjemera, kaja Canon amalemba IS, Nikon n'kulemba VR. Kamera ikazimitsidwa bwinobwino, m'malenzi ambiri kagalasiko kamabwerera pamalo pake n'kukhazikika. Mukachotsa lenzi kapena batire kakadali kugwira ntchito, kamatha kutsala kali khwekhwerere mkatimo, ndipo mabampu akakapeza choncho sikachedwa kufooka.

Bwezani zumu, mphete yokokera zakutali pafupi ija, kuti lenzi ifupike mpaka pamapeto. Ngati pambali pali kabatani kolembedwa Lock, katsekeni, chifukwa lenzi yotalika ikagundidwa kunsonga, timano ta mkati timene timaiyendetsa ndi timene timathyoka. Chipewa cha lenzi, chotchinga dzuwa chija, chitembenuzeni chiyang'ane kumbuyo. Kachivindikiro kakumaso katsekeni mpaka kalire kuti "tha", kenako kakokeni pang'ono kuti muone ngati kagwiradi. Ine ndataya tivindikiro tokwana dzanja pakati pa Kasungu ndi Santhe, tonse chifukwa chongotiika mothamanga.

Yang'anani chitseko cha batire ndi cha memori khadi. Ngati chayamba kulekerera, kaselotepi kakang'ono kathetsa nkhani. Kenako gwirani lamba pamene walowera m'timphete ta kamera. Lamba saduka pakati. Amadyeka pakona pomwe pakukhudzana ndi chitsulo, malo amene sitiyang'anako n'komwe.

Lenzi yaifupi ikhale pakamera. Koma ngati mwakakamizika kunyamula yaitali, monga popita kukajambula nyama ku Lifupa, mu Kasungu National Park, ichotseni, mutseke mbali zonse ziwiri, muinyamule payokha. Lenzi yolemera ikakhala pakamera n'kumagwedezeka, mphamvu yonse imathera pamphete yolumikizira ija, ngati mmene mpini wautali umazulira chitsa. Mpheteyo ikapindika ngakhale pang'ono posaoneka ndi maso, zithunzi zimayamba kutuluka mbali imodzi yakuthwa, ina yachimbuuzi, ndipo kuno kwathu wokonza zimenezo simumupeza pafupi.

Chachisanu, chikwama chikhale chaching'ono, chothina, chakutsogolo

Chikwama chachikulu chimanamiza. Mumaona ngati kamera yatetezeka, pamene ili kuvina mkatimo. Pezani chongokwana kamera basi, cha zipi osati cha batani, chokhala ndi siponji m'mbali. Pa kaunjika zimapezeka, kungofuna kudekha posankha. Mpata wotsala utsekeni ndi kachidutswa ka chitenje kochapidwa kambirimbiri, kofewa, kosatulutsa ulusi. Masokosi oyera nawonso amagwira ntchito yomweyo pokulungira batire. Batirelo lisakhale thumba limodzi ndi makiyi kapena makobili, chifukwa chitsulo chikalumikiza timano take limatentha.

Mukatseka, yesani chonchi: chinyamuleni ndi manja awiri, chigwedezeni pafupi ndi khutu, chitembenuzeni chadodolido. Mukamva "gudu gudu", tsegulani muwonjezere nsalu. Chikhale chete ngati mtolo wa ufa.

Tsopano pathupi. Lamba adutse paphewa limodzi n'kukatulukira kukhwapa kwina, osati m'khosi mokha, ndipo mumufupikitse mpaka chikwama chigwire nthiti. Ngati chili ndi lamba wachiwiri wam'chiuno, mangani. Mukavala jekete pamwamba n'kutseka zipi, ndiye mwamaliza. Kumeneku n'kumenenso kumapulumutsa khosi: amene anayendapo tsiku lonse ndi kamera m'khosi amadziwa mmene mutu umawawira madzulo. Masana sinthani phewa.

Koma mvetsetsani ichi, chifukwa apa nkhani si ya kamera, ndi ya moyo. Chitsulo chimene amakutsekerani pantchafu kapena pamapewa chimayenera kugwira thupi lanu lenileni. Chikwama chikakhala pakati pa inu ndi chitsulocho, chimatseka msanga chisanakufikeni, ndipo chikwama chikasuntha m'malere mumatsala ndi mpata. Chikwama chakumbuyo nachonso chimakukankhirani kutsogolo msana osagwira mpando. Pa Anaconda, kasitima ka ku Gold Reef City kamene mpando wake umalendewera kunsi kwa njanji miyendo ili m'malere, palibe ngakhale pansi poti muikepo kanthu. Ngati chikwama chikusokoneza chitsulo mwanjira iliyonse, chibwerere kwa azakhali.

Pa kabaza n'chimodzimodzi, kungoti wokuletsani palibe. Chikwama chikhale kutsogolo, pakati pa inu ndi woyendetsa. Musalole kuti achimange pakaliyala ndi malegeni ngati thumba la fetereza, ngakhale atakuuzani kuti "pano sichigwa, bwana". Kugwa sichigwadi, koma kunjenjemera konse kwa injini ndi kwa msewu kumalowa m'kamera mwachindunji, pamene chikakhala pathupi, mnofu wanu umayamba wameza. Izi si za makamera akuluakulu okha. Mu 2021 kampani ya Apple inachenjeza kuti kumangirira iPhone panjinga yamoto ya injini yamphamvu kumatha kuwononga tizipangizo ta kamera yake toletsa kunjenjemera ndi tolunjikitsa chithunzi.

Chachisanu ndi chimodzi, madzi ndi fumbi

Kumalo a masewera kumakhala makatungwe ena oyenda pamadzi, monga Raging River Rapids ku Gold Reef City komweko, ndipo madzi ake sabwera ngati mvula yowaza, amabwera ngati wina wakukhuthulirani ndowa. Kamera ilowe kaye m'pulasitiki wotseka pakamwa, kenako m'chikwama. Jumbo wamba awiri, wina mkati mwa mnzake, omanga mfundo, amathandiza pakavuta. Ponyanimo timapaketi tija timapezeka m'bokosi la nsapato zatsopano, timayamwa chinyezi. Mukafika pouma tsegulani, kamera isagone m'pulasitiki.

Ife akuno fumbi ndilo timalidziwa. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, msewu wolowera ku Kasungu National Park umafuka, ndipo chibwerere njovu 263 zimene anazisamutsa kuchokera ku Liwonde mu 2022, ojambula opita kumeneko ndimakumana nawo kawirikawiri. Lamulo langa n'lakuti lenzi sindisintha galimoto ikuyenda kapena itangoima kumene. Dikirani fumbi likhazikike, kamera iyang'ane pansi, sinthani msanga. Poyenda ikhale pamiyendo mutaifunditsa chitenje, dzanja lili pamwamba, osati pampando wopanda munthu kapena pansi pagalimoto.

Nanga chithunzicho mujambula bwanji?

Kunena zoona, zithunzi zojambulidwa munthu ali pa roller coaster zimakhala zopanda pake: thambo lopendekeka, chala, ndi khutu la mnzanu. Chithunzi chabwino chimajambulidwa pansi. Imani pamene njanji imakhota moyandikira anthu, penyani kasitima kadutse kawiri kuti mudziwe pamene nkhope zimaonekera, lunjikitsani kamera pamalo amenewo pasadakhale, ikani liwiro la shata, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, pa 1/1000 ya sekondi kapena lachangu kuposa apo, ndi kujambula kotsatizana. Abale anu akamafika, gwirani batani osasiya. Pa zithunzi khumi, chimodzi chidzakhala ndi achimwene anu atayasama ngati aona mzukwa, ndipo chimenecho ndi chimene chidzazungulire pa WhatsApp ya banja. Mapaki ambiri alinso ndi makamera awo panjanji, ndipo amagulitsa chithunzicho potulukira.

Pa chigudumu chachikulu chozungulira pang'onopang'ono, ngati alola, mutha kutulutsa kamera. Kulungani lamba kawiri padzanja musanaitulutse m'chikwama, zigongono zikhale mkati, ndipo musasinthe lenzi kapena batire muli m'mwamba. Timakamera ngati GoPro tomangirira pachifuwa ena amalola, ena salola. Funsani, musakabise m'malaya.

Mukatsika

Khalani pansi kaye mutu ukhazikike, kenako tulutsani kamera. Yatsani, jambulani chikwangwani chakutali ndi chala chanu chapafupi, kulitsani zithunzizo muone ngati zili zakuthwa mbali zonse. Yendetsani zumu uku ndi uku, mumve ngati ikukhulana ndi mchenga. Fumbi la pagalasi lichotseni ndi kapampu kopemerera musanapukute. Musauzire ndi pakamwa, malovu amatsalira, ndipo musapukute ndi malaya, chifukwa fumbi lathuli ndi mchenga, limakanda.

Mnyamata uja ndamupatsa kamera yanga yakale ndi lenzi ya 18-55mm, chikwama chaching'ono chakuda, ndi theka la chitenje cha amayi ake. Anayesa kupempha ya 70-200mm, akuti akufuna akajambule nkhope za anthu ali pamwamba. Ndamuuza kuti Loweruka tili ndi ukwati ku Nkhamenya, tipita pa kabaza, ndipo chikwamacho anyamula ndi iyeyo. Ndidzachigwedeza pakhutu tisananyamuke.