Chibwenzi chikatha semesita ili mkati: mmene mungadzisamalire

Chibwenzi chikatha muli pa yunivesite, munthu amene mukufuna kumuiwalayo mumamuonabe tsiku ndi tsiku: m'kalasi, ku laibulale, mwinanso m'gulu limodzi la asayimenti. Mayeso nawonso sadikira kuti mtima uyambe wakhala m'malo.

Ululu umene mukumvawo ndi weniweni. Mu 2011 Ethan Kross ndi anzake anaunika ubongo wa anthu 40 amene anali atasiyidwa kumene. Atawaonetsa chithunzi cha amene anawasiyayo, mbali za ubongo zimene zimagwira ntchito munthu akamva kuwawa pathupi zinayamba kugwira ntchito. Mu 2010 gulu la Helen Fisher linapezanso kuti munthu wokanidwa akaona chithunzi chotere, zimadzuka ndi mbali zimene zimakhudzana ndi chibaba. N'chifukwa chake dzanja limapita lokha pa foni pakati pa usiku ngakhale mukudziwa kuti palibe chabwino chimene mukapezeko.

Yambani ndi foniyo, pakuti ndiyo imatosa chilonda. Kafukufuku wa Tara Marshall wa mu 2012 anaonetsa kuti amene amazonda bwenzi lawo lakale pa Facebook amavutika mtima kwambiri ndiponso amamulakalakabe kuposa amene satero. Dziikireni masiku 30 osalankhulana naye. Nambalayi si ya mankhwala ayi, koma malire owerengeka ndi osavuta kusunga kusiyana ndi kungoti "ndisiya kumulembera". Bisani status yake pa WhatsApp, lekani kumutsatira pa Instagram, ndipo ngati zikukanikabe mubulokeni. Zithunzi musathamangire kuzifufuta muli wokwiya, zichotseni mu foni muzisunge poti simufika kawirikawiri. Sinthani password iliyonse imene ankaidziwa, kuphatikizapo ya imelo. Anzanu muwauze mosapita m'mbali kuti asamakubweretsereni nkhani zake. Ambiri amalephera apa: iwo abuloka, koma mnzawo wa m'chipinda ndiye amabwera ndi chithunzi n'kumati "taona amene akuyenda naye".

Chibaba chofuna kumulembera chimakwera kenako n'kutsika chokha. Chikabwera, lembani uthengawo papepala, dikirani mphindi 20 mukuchita china chofuna manja kapena miyendo, monga kuchapa kapena kuyenda. Nthawi zambiri mphindizo zikatha mphamvu yake imakhala itachepa.

Ngati muli kalasi imodzi, kupewana kotheratu n'kosatheka. Khalani kutsogolo kuti maso anu akhale pa mphunzitsi, moni wachidule ndi wokwanira, ndipo za asayimenti muzikambirana pagulu lonse, osati awiriwiri. Zikavuta, pemphani mphunzitsi akusintheni gulu. Simukuyenera kufotokoza mbiri yonse. Zinthu zake mum'bwezere kamodzi n'kamodzi, masana, kapena mutume mnzanu. Kubweza juzi lero, chaja mawa, ndi njira chabe yopezera chifukwa choonanirana.

Tulo ndi timene timayamba kusokonekera, ndipo tikasokonekera zonse zimatsatira: mkwiyo umafulumira, zowerenga sizilowa. Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9. Dzukani nthawi yofanana tsiku lililonse ngakhale munagona mochedwa, chifukwa nthawi yodzukira ndi imene imakonza nthawi yogonera. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu musamwe madzulo, popeza theka la caffeine limakhalabe m'thupi patapita maola pafupifupi 5. Mukagona kwa mphindi 20 tulo osabwera, dzukani muchite china chofatsa, foni ili patali. Idyani pa nthawi yake ngakhale pang'ono, njala ikhalepo kapena ayi, ndipo yendani mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata.

Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo chakum'bandakucha, ndipo ndi umene umalembetsa mauthenga ochititsa manyazi m'mawa. Kuthamangira chibwenzi china pofuna kumupsetsa mtima kumatanthauza kuti wakaleyo akukuyendetsanibe.

Pa maphunziro, chepetsani muyezo koma musaime. Lembani masiku operekera asayimenti ndi a mayeso a masabata atatu akubwerawa, yambani ndi zimene zili ndi malikisi ambiri. Werengani mphindi 25, pumani 5, ndipo chitani zimenezi pamalo pali anthu, osati pabedi. Ngati mukuona kuti simukwanitsa, kaonaneni ndi mphunzitsi kapena ofesi yoona za ophunzira tsiku lisanafike. Pempho la nthawi yowonjezera limamveka bwino lisanadutse tsikulo kusiyana ndi pambuyo pake.

Maganizo nawo apatseni nthawi yake, apo ayi adzakulowererani m'kalasi. Njira imene katswiri wa za maganizo James Pennebaker anayambitsa m'ma 1980 ndi yolemba zakukhosi mphindi 15 mpaka 20 kwa masiku atatu kapena anayi otsatizana, osasamala za galamala. Lembani zimene zinachitika, zimene mwataya, komanso zimene sizinkayenda, chifukwa mtima wosweka umakumbukira zabwino zokhazokha. Mukaona kuti tsiku lililonse mukungobwereza funso lakuti "ndinalakwa chiyani", lekani kulembako, apo mwayamba kungozungulira pamodzi. Sankhani anthu awiri osunga chinsinsi oti muziwakhuthulira. Kuuza hosteli yonse kumabweretsa miseche.

Kulira, kusowa chilakolako cha chakudya ndi kusakhazikika maganizo m'masiku oyamba si zachilendo. Koma ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, muli wokhumudwa, palibe chimene chikukusangalatsani, mukujomba m'kalasi kapena mukudziona wachabechabe, kaonaneni ndi mlangizi wa pasukulupo kapena dokotala, chifukwa awa akhoza kukhala matenda ovutika maganizo ndipo amachizika. Maganizo ofuna kudzipha kapena kudzivulaza sadikira masabata awiri: uzani munthu lero lomwe, musakhale nokha, mankhwala ndi china chilichonse choopsa mupatse wina akusungireni, ndipo pitani kuchipatala. Ngati bwenzi lakalelo likukutsatirani, kukuopsezani kapena kunena kuti lifalitsa zithunzi zanu zachinsinsi, musafufute mauthengawo. Ajambuleni tsiku ndi nthawi zikuoneka, kenako mukanene kwa akuluakulu a sukulu ndi kupolisi.