Momwe mungayambitsire mwana motocross pa njinga ya two-stroke

Mwana akaonera motocross pa foni, njinga zikudumpha zitunda m'kati mwa fumbi, m'mawa mwake amayamba kukuumirizani kuti mumugulire yake. Ngati mtima wanu walola, ine ndikuti yambani ndi two-stroke. Koma dziwiranitu kuti njinga imeneyi ndi makwerero chabe. Amene amadyera masewerowa masiku ano amathamanga pa four-stroke, ndipo amathamangira kunja.

Njinga za kabaza zimene zadzaza m'misewu ya Lilongwe ndi four-stroke. Two-stroke ambirife tinaidziwira pa Yamaha DT 125 ya alangizi a zaulimi, ija yolira mokweza ndi kusiya utsi wa buluu. Injini yake imaphulitsa mafuta nthawi iliyonse pisitoni ikakwera, pamene four-stroke imaphulitsa kamodzi pa maulendo awiri. Ilibe mavalavu ngati a four-stroke, ndi yopepuka, ndipo makaniko wa ku Biwi angathe kusintha pisitoni yake tsiku limodzi lisanathe.

Choyamba: njinga ilingane ndi msinkhu

Makwerero ake, potengera kukula kwa injini, ndi 50cc, 65cc, 85cc kenako 125cc, ndipo pafupifupi zonsezi ndi two-stroke. Yamaha imapangabe YZ65, YZ85, YZ125 ndi YZ250. KTM, Husqvarna ndi GasGas nazonso zikupanga. Honda inasiya kupanga two-stroke zake za CR125 ndi CR250 mu 2007, choncho mukaona CR yotsika mtengo, yambani mwafunsa kumene mudzapeze masipeya. Musagule yaikulu poganiza kuti mwana adzakuliramo ngati yunifolomu ya sukulu. Akakhala pampando, nsonga za mapazi zizigunda pansi.

Yakale muiyese injini isanatenthe. Ponderani kiki ndi dzanja: ikatsika mofewa, pisitoni ndi maring'i zatha. Vulani fyuluta ya mpweya n'kupisa chala kuseri kwake. Mukapeza fumbi, injiniyo yadya kale mchenga.

Chachiwiri: kusakaniza mafuta

Apa ndi pamene injini zambiri zimafera. DT ya alangizi ija ili ndi thanki yakeyake ya oyilo, koma njinga ngati YZ ilibe. Oyilo mumasakaniza nokha ndi petulo, ndipo ndi oyilo yekhayo amene amafewetsa pisitoni ndi mabering'i a pansi. Mukaiwala kamodzi kokha, pisitoni imakakamira mu silinda.

Muyeso uli m'buku la njingayo. Likanena 40:1, ndiye kuti mamililita 25 a oyilo pa lita imodzi ya petulo, kapena 125 pa malita asanu. Likanena 30:1, thirani mamililita 167 pa malita asanu. Pezani kapu ya mizere kapena sirinji yaikulu, zoyeza ndi maso zisiyeni. Thirani oyilo m'chigubu choyera, onjezani petulo pang'ono, khutchumulani, kenako dzadzani n'kukhutchumulanso. Oyilo akhale wolembedwa 2T wa njinga zothamanga. Wa galimoto ayi.

Chinthu china ndi chakuno kwathu. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Ndikudziwa kuti mizere ya pa filing'i sitesheni inatiphunzitsa kusunga mafuta, koma osakaniza kale musawagoneke masabata. Sakanizani a tsiku limenelo basi, ndipo mukamaliza tsekani mpopi wa mafuta n'kukhetsa otsala mu kabureta.

Chachitatu: fumbi ndi mpweya

Fumbi la Seputembala mpaka Novembala ndi mdani. Fyuluta ya siponji muzitsuka mwana akangomaliza kuthamanga, iume, muipake oyilo wake wa fyuluta. Kukhala ndi ziwiri kumathandiza.

Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo mpweya wake ndi wopepukirapo. Njinga imene inachunidwa ku Durban ikafika kuno imamwa mafuta ochuluka kuposa mpweya, imabanika, pulagi n'kuda. Pulagi yabwino imaoneka ngati tiyi wamkaka. Ikada ndi kunyowa, makaniko achepetse jeti ya kabureta, kabowo kolowetsa mafuta, pang'onopang'ono. Ikayera mbuu, imani pomwepo, injini ikupsa.

Chachinayi: zovala ndi malo

Helemeti yophimba chibwano, magalasi, mabuti a motocross, magolovesi, zoteteza mawondo ndi chifuwa. Ndalama zikaperewera, njinga idikire. Njingazi zilibe nyali kapena nambala, si zapamsewu. Pemphani mwini malo kunja kwa tawuni, kutali ndi minda, ziweto ndi ana osewera, ndipo wamkulu azikhalapo nthawi zonse.

Chachisanu: aphunzire klatchi

Chifukwa chenicheni choyambira pa two-stroke ndi ichi. Mphamvu ya 125 imabwera injini ikalira kwambiri, pansi imakhala ngati yagona. Mwana akalakwitsa giya pa kona, njinga imamuuza pomwepo. Ukasiya kukoka moto sidzigwira yokha ngati four-stroke, ndiye amakakamizika kudziwa mabuleki onse awiri. Muikireni matayala awiri akale pansi azizungulira ngati nambala 8, ataimirira pa zopondera, chala chimodzi pa klatchi, mpaka zimukwane. Zodumpha zibwera pambuyo. Mudzilemba maola amene injini yalira m'kope, chifukwa pisitoni ya njinga zimenezi imasinthidwa potengera maola, isanafe.

Chachisanu ndi chimodzi: werengani zaka

Malamulo ndi amene anagwetsa two-stroke pamwamba. Analola four-stroke ya 250 kupikisana ndi two-stroke ya 125, ndi ya 450 kupikisana ndi ya 250. Doug Henry anatenga ukatswiri wa ku America mu 1998 pa Yamaha ya four-stroke, ndipo Ricky Carmichael, pa Suzuki RM250 mu 2005, ndiye womaliza kutenga ukatswiri wa gulu lalikulu la Supercross, motocross ya m'masitediyamu a ku America, pa two-stroke. Lero magulu a mpikisano wa dziko lonse, MXGP (njinga za 450) ndi MX2 (za 250), adzaza four-stroke. Two-stroke inatsalira kwa achinyamata, monga mu EMX125, mpikisano wa njinga za 125 ku Ulaya, ndipo kumeneko ndi kumene matimu amasakako ana.

Mu MX2 munthu sathamanga akapitirira zaka 23. Mwana amene akuyamba ali ndi zaka 16 adzasangalala ndithu, koma anzake a msinkhu umenewo amakhala akusiya kale 125 n'kukwera zazikulu.

A kuno kummwera kwa Africa anafikako. Greg Albertyn anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1992, 1993 ndi 1994, Grant Langston mu 2000, Tyla Rattray mu 2008, onse a ku South Africa, ndipo onse anachita kusamukira ku Ulaya. Ku Zimbabwe kwatuluka mtsikana Tanya Muzinda. Choncho mwana akayamba kusiya anzake kumbuyo pa 85cc, mukonzereni pasipoti, mufufuze za layisensi ya mpikisano kudzera ku FIM Africa, bungwe loyang'anira masewero a njinga zamoto mu Africa, limene limayendetsa mpikisano wa Motocross of African Nations, ndipo muyambe ndi mipikisano ya ku Zambia, Zimbabwe kapena South Africa, kumene njinga ingafike pa pikapu.