Ngati munakulira kumalo osungirako ana, yambirani ku Social Welfare

Amene munakulira kumalo osungirako ana ndipo mukufuna kudziwa mbiri yanu, musathere ndalama ya thiransipoti kupita kumaloko poyamba. Ena anatsekedwa kale, ena antchito ake anasintha. Yambirani ku ofesi ya Social Welfare ya boma limene munachokera, chifukwa mwana akaikidwa kumalo otere motsata lamulo, nkhani yake imadutsa kumeneko.

Musangopempha pakamwa faelo ya mbiri yanu. Lembani kalata ziwiri zofanana, ina akudindireni chidindo ndi tsiku n'kubwerera nayo. M'kalatamo ikani mayina onse amene munaitanidwapo, ngakhale lapaubwana kapena lolembedwa molakwika, komanso mudzi, T/A ndi chaka chimene munatengedwa. Faelo imasowa kawirikawiri chifukwa dzina linasintha m'njira.

Tchulaninso lamulo la Access to Information, lopatsa anthu ufulu wopempha ndi kuona zimene maofesi akusunga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020. Akapanda kukuyankhani, kadandauleni ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission mutanyamula kalata yachidindo ija.

Funsaninso za buku lanu lakusikelo, poti mumalembedwa tsiku lobadwa. Ndipo tsiku lowerenga faelo musapite nokha. Zina zolembedwamo zimalasa mtima, tengani munthu amene mumamukhulupirira.